Manjakumbuyo ndi Pakamwa pa Amalume Ake

Ine ndinamenyapo munthu mbama imodzi yokha, munthuyo n'kuzungulira ngati nguli, mano n'kubalalika mpaka ena anakatoledwa kuseri kwa msika. Apolisi atafika anangondigwira chanza, wamkulu wawo n'kundipempha kuti ndikawaphunzitseko anyamata ake.

Ayi, ndanama. Ndayamba ndi bodza dala kuti tidziwane msanga. Chibadwire sindinamenyepo munthu. Ndewu ikabuka mumsewu, woyamba kukumbukira kuti wasiya madzi pamoto ndimakhala ine. Ntchito yanga ndi yometa. Ndili ndi kachipinda m'mbali mwa msewu, muli mpando wozungulira womwe unasiya kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi pomwe amakhala anthu odikira kumetedwa pamodzi ndi ena omwe alibe tsitsi koma alibenso kopita. Tsiku lonse ndimayendetsa lezala pakhosi pa amuna anzanga, koma chida changa choopsa ndi pakamwa. Nkhani ikalowa m'khutu mwanga ili mbewa, imatuluka ili ndi nyanga.

Munthu amene ndikufuna mumudziwe si ine, ngakhale ndizilowererapo pafupipafupi poti ndi matenda anga. Ndi mwana wa mlongo wanga, mlonda wa pakhomo pa sitolo yaikulu, yemwe tonse timamutcha Manjakumbuyo. Mwana ameneyu anatsala pang'ono kulowa kundende ndi kutaya ntchito, osati chifukwa cha manja ake koma lilime la amalume ake. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwathu zinatembenuka: anadya ndi wamkulu, wogwira pamimba anali mwana.

Mwanayu anabadwa wamkulu thupi. Ine ndimauza anthu kuti anamwino anachita kumunyamula atatu, sikelo n'kupindika. Mlongo wanga, yemwe ndi telala ndipo tsikulo anali pafupi ndi nkhaniyo kuposa ine, amati anali khanda ngati makanda onse, wonenepa pang'ono basi. Bambo ake anali dalaivala wa malole. Ananyamuka ulendo wina mwanayu akukwawa, ndipo zikuoneka kuti anatenga msewu wautali kuposa yonse padziko, chifukwa mpaka lero sanafike.

Kusukulu mtsikanayu anali wamtali kuposa anzake onse, ndi aphunzitsi ena omwe. Tsono mukudziwa mmene zimakhalira. Tiana tiwiri tikakandana, mphunzitsi akatulukira maso ake amagwera pa wamkuluyo. "Iwe, chimsinkhu chonsechi ukumenya anzako?" Pamenepo iye sanakhudze munthu. Atakwapulidwa kangapo pa milandu ya eni ake, mwanayo anapeza nzeru. Phokoso likangoyamba ankapinda manja kumbuyo, lina kugwira linzake, n'kuima njo poonekera, kuti aliyense aone pamene pali manja ake. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo ndinamupatsa ndine. Ichi chokha n'choona, mukafunse.

Atamaliza sukulu anagwirako ntchito yophika buledi, kunyamula matumba a ufa omwe amuna ankachita kugwirizana awiri. Maso a amayi ake atayamba kuphonya bowo la singano, iye anafuna ntchito yokhazikika, n'kulowa kukampani ya alonda. Anamupatsa malaya otuwa, lamba wamkulu ndi nsapato zakuda zolemera, zomwe amazipaka polishi m'mawa uliwonse mpaka ntchentche ikaterapo imaterereka. Nyumba ya mlongo wanga inatsamira pa nsapato zimenezo.

Kukampaniko anawaphunzitsa za malamulo, ndipo woyamba kulawa maphunzirowo ndinali ine. Tsiku lina anandipeza ndikusimba nkhani, lezala m'manja, ndikuloza nalo kasitomala pamphuno kusonyeza mmene ndinaopsezera akuba.

"Amalume, tsitsani lezalalo," anatero ali pakhomo. "Kumuopseza munthu ndi chida mpaka aone ngati mumuvulaza, umenewo ndi mlandu kale."

"Iwe, ndamukhudza ngati?"

"Simuchita kumukhudza. Milandu ya kumenya ili ngati zipeso za makina anuwa. China chimangodula pamwamba, china chimafika pachikopa. Kuopseza ndi mlandu. Mbama ndi mlandu wokulirapo. Magazi akatuluka wakweranso. Fupa likathyoka kapena diso likawonongeka, kumeneko ndi zaka zambiri. Munthu akafa, amafunsa ngati munafuna kumupha kapena zangochitika, koma konsekonse ndi kundende."

"Nanga munthu akandiyamba yekha?"

"Mumaloledwa kudziteteza, kapena kuteteza mnzanu. Koma mphamvu yanu ifanane ndi choopsacho, ndipo choopsa chikatha inunso mulekeze pomwepo. Mukapitiriza ndiye kuti mukubwezera."

Kasitomala uja anati, "Mwamva, aluso? Ndikumangitsani." Ndinamumeta mzere wokhota dala.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kosavuta kukafotokoza. Amaima pakhomo pa sitolo kuyambira potsegula mpaka potseka, kuyang'ana malisiti ndi zikwama. Wakuba akafika pakhomopo ndi sopo m'masokosi, iye samukwenya, samukalipira. Amangodzaza khomo lonse ndi thupi lake, manja kumbuyo, n'kuyamba kumufunsa za banja. "Kunyumba ali bwanji, bambo? Ana akula? Nanga mwendowo watupa liti?" Amacheza naye choncho mpaka munthu amatopa yekha, n'kuwerama, n'kutulutsa sopo. Zaka zonsezi manja aja sanatulukepo.

Anatuluka tsiku limodzi, masana dzuwa lili pamutu, ine ndili m'sitolo momwemo kukagula malezala ndi sipiriti.

Panali bambo wina wovala jekete lachikopa, kutentha konseko. Timutche Jekete. Anabwera ndi ketulo yamagetsi yomwe anaiotcha yekha poiyatsa mopanda madzi, akufuna amusinthire. Mayi wa pakauntala anamuuza mwaulemu kuti zimenezo sizitheka. Jekete anakuwa, anatukwana, kenaka anamuwaza mayi uja mbama yomveka mpaka kumashelefu a sopo. Mayiyo anagwera pamakina ake. Jekete sanakhutire. Anatola botolo la mafuta ophikira, lagalasi, n'kulikweza m'mwamba.

Manjakumbuyo anali atafika kale pakati pawo. Anati, "Bambo, ikani pansi botololo." Botolo linayamba kutsika, koma osati kupita pansi ayi, linkalunjika pamutu pa mayi uja. Apo ndi pomwe manja anatuluka. Anamukankha pachifuwa kamodzi, zikhatho zili zotambasula. Jekete anabwerera chafutambuyo, anapunthwa pa mulu wa mabasiketi, n'kugwa atatsogoza dzanja. Dzanjalo linathyoka pamfundo, ndipo chipumi chinang'ambika pang'ono pa shelefu. Mwana wa mlongo wanga anabweza manja kumbuyo, anaitana abwana ake kuti aimbire ambulansi, kenaka anavula juzi lake n'kumutsamiritsa munthuyo kumutu.

Nkhani yonse ndi imeneyo. Mwaona kuchepa kwake? Munthu ungaisimbe ukumanga chingwe cha nsapato. Za pamene ndinaima ine tizikamba kutsogolo, musandithamangitse.

Kamera ya pamwamba pa kauntala inali itafa kalekale, inkangokhala ngati chokongoletsa choopsezera akuba. Ogula anabalalika, poti umboni palibe amaufuna. Jekete atatuluka m'chipatala ndi chikhakha padzanja anakadandaula kupolisi kuti mlonda wamuvulaza. Apolisi anafunsa mayi wa pakauntala, anafunsa Manjakumbuyo, ndipo zinkaoneka kuti nkhani ithera pomwepo.

Koma ine ndinali ndi benchi yodzaza anthu, ndipo mwana wa mlongo wanga anali atachita chinthu chonyaditsa. Ndikanakhala chete bwanji? Tsiku loyamba ndinasimba zoona, anthu anangoti, "Oho." Oho basi! Mwana wathu wapulumutsa munthu, iwo n'kuti oho? Mawa lake kukankha kuja kunasanduka chibakera. Mkuja wake chibakera chinabereka anzake. Sabata isanathe, Manjakumbuyo anali atasolola chibonga m'chiuno, kumugogoda Jekete pachipumi, kumunyamula m'mwamba ngati thumba la ufa, kumumenyetsa pansi, kenaka kumuponda dzanja ndi chinsapato chija mpaka fupa linalira kuti "khotcho!" Mawu a fupawo ndinawapeka ndekha, ndipo ndinkawanyadira kwambiri. Ine m'nkhanimo ndinali pambali pake, nditawakha botolo lili m'malere.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wachilendo, wadazi koma wa ndevu zambiri, wovala malaya wamba. Ndinamukhazika, ndinamumanga nsalu m'khosi, ndinamupaka thovu mpaka m'makutu. Munthu wachilendo kwa ine ndi munda wosalimidwa. Ndinayamba nkhani ija kuchokera pachiyambi, benchi ikuthandizira m'malo omwe inkawadziwa kale.

"Munaona ndi maso anu, aluso?" anafunsa Chindevu kudzera m'thovu.

"Ndi onse awiri, bwana, osaphethira."

"Ndiye mukuti anamuponda atagwa kale?"

"Atagwa kale, akupempha chifundo! Magazi a kwathu akawira sazizira msanga."

"Botolo linali lidakali m'manja mwake?"

"Botolo liti? Botolo linali ndi ine!"

Ndinamumeta bwino munthu ameneyo, sindinametepo wina choncho. Anadziyang'ana pagalasi, anasisita chibwano, n'kunena kuti, "Dzanja lanu ndi labwino. Ine ndine wapolisi wofufuza dandaulo la bambo wa dzanja lothyoka uja. Timaona ngati nkhani ndi yaing'ono. Mwatithandiza kwambiri."

Benchi yonse inakumbukira kuti yasiya madzi pamoto.

Ndinathamangira kupolisi tsiku lomwelo kukanena kuti zinali zocheza. Chindevu anandiyang'ana ndi chibwano chake chosalala, ntchito ya manja anga, n'kuti, "M'mawa munali mboni yoona ndi maso awiri. Masana mwakumbukira kuti ndinu amalume ake. Tikhulupirire uti?" Choipitsitsa n'chakuti nkhani yanga inali itayenda m'misewu mpaka kumupeza Jekete kunyumba kwake. Iye ataimva anaikonda kuposa yake. Mwadzidzidzi anakumbukira chibonga, anakumbukira nsapato. Mlandu unakwera makwerero kufika pa kuvulaza munthu koopsa. Apolisi anamutenga Manjakumbuyo pakhomo pa sitolo anthu akuona, anatuluka pa belo, ndipo kampani inamuimitsa ntchito. Anamuuza poyera kuti khoti likamupeza wolakwa asadzabwerenso, chifukwa munthu wa mbiri yomenya salembedwa ulonda kulikonse.

Kunyumba kwa mlongo wanga ndinalowa chammbali ngati nkhanu. Iye anali pamakina osokera, osasoka kanthu.

"Achimwene, khalani pansi," anatero. "Ayi, osati pampandopo. Pampando pamakhala anthu."

Ndinakhala pa mulu wa zigamba.

"Ine mwanayu ndamulera ndekha. Ana a anthu amuputa, wapinda manja. Aphunzitsi amukwapula, wapinda manja. Akuba amutukwana, wapinda manja. Moyo wake wonse wakhala akubisa manja kuti asamunamizire, ndiye womunamizira akhale mlongo wanga wa bere limodzi? Pakamwa panupo bwanji osabwera napo ndikusokereni zipi?"

"Ndimangomutamanda, achemwali."

"Mukadzafuna kunditamanda ine, mudzayambe mwandiuza ndithawe."

Manjakumbuyo anali chiimire pazenera, manja kumbuyo. Nsapato zake zinali pakona, zopakidwa polishi ngati akupita kuntchito. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwadya, amalume?" Bola akanandimenya.

Loya amene anatithandiza anali mayi wamfupi, wa magalasi okhuthala, wolankhula mofulumira ngati akuthawa mvula. Ofesi yake inali ndi mipando iwiri, ndiye ine ndinaimirira, zomwe mlongo wanga anati n'zoyenera.

"Nkhani ili apa," anatero loya. "Kukankha kamodzi munthu amene wakweza botolo pamutu pa mnzako, lamulo limalola. Dzanja kuthyoka pogwa, ndi tsoka lake. Koma kuponda munthu amene wagwa kale, botolo lilibenso m'manja, uko si kuteteza. Ndipo muthokoze kuti chipumi chinangong'ambika. Akanamenyetsa mutu pakona n'kufa, ndi nkhani yanu ya chibongayo, bwenzi tikukamba za kupha munthu mwadala."

Ndinatsamira khoma, loya n'kupitiriza.

"Boma likuitanani inu ngati mboni yawo. Mukakana zimene munanena, adzati mukuteteza magazi anu. Ndiye ntchito yanu ndi imodzi. Mukatsimikizire khoti kuti ndinu munthu wabodza."

"Imeneyo ndiye sivuta," anatero mlongo wanga.

"Ivuta," anayankha loya. "Akhulupirire kuti ndi wabodza kumalo ake ometera, koma m'khotimo akunena zoona."

Masiku otsatira Manjakumbuyo ankabwera kukachipinda kanga makasitomala akachepa, kudzandiphunzitsa kunena zoona. Ankandikhazika pampando wometera, iye n'kuima kumbuyo kwanga, tikuyang'anana pagalasi.

"Yambani, amalume."

"Munthu uja anakweza chibotolo chachikulu ngati mtsuko..."

"Botolo."

"Anakweza botolo. Iwe unauluka..."

"Ndinayenda."

"Unayenda ngati mphezi..."

"Amalume."

"Mwanawe, nkhani yopanda mchere imeneyi ndani angaimeze?"

"Woweruza. Yambiraninso. Ndipo mukanene pamene munali."

"Pamenepo n'pofunika ngati?"

"Pamenepo ndiye pofunika."

Ndinatuluka thukuta m'masiku amenewo kuposa m'chaka chonse. Choonadi n'chovala chothina, anthuni, chimakanikiza m'khwapa.

Tsiku la mlandu chipinda cha khoti chinadzaza. Benchi yanga yonse inabwera, aliyense atapesa. Woweruza anali bambo wa imvi, wa nkhope yosaseka, ndipo ndinaona kuti amene amamumeta amamulakwira kumbuyo kwa makutu. Manjakumbuyo anaima m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. Simuchita kufunsa kumene kunali manja ake.

Jekete ndiye anayamba. Anasimba nkhani yanga yonse, mwandondomeko yanga, kupuma pomwe ndimapumira ine. Atafika pa nsapato anakweza dzanja lake n'kuti, "Fupa linachita kulira kuti khotcho!" Ndinatsala pang'ono kuimirira. Kuba kwake kumeneko! Munthu kutenga khotcho wanga osapempha n'komwe. Dokotala anati kuthyoka kotere kumachitika kawirikawiri munthu akagwa atatsogoza dzanja, koma sakanalumbira kuti nsapato singachite zomwezo. Mayi wa pakauntala anafotokoza zoona zake, koma woimira boma anamufunsa ngati woimbidwa mlanduyo si mnzake wa kuntchito amene anamupulumutsa, mayiyo n'kuvomera. Chindevu anabwereza zimene anamva ali m'thovu. Kenaka anaitana ine.

Ndinalumbira. Liwu langa linatuluka lopyapyala ngati la mwana wa mphaka.

"Munauza wapolisi kuti munaona woimbidwa mlandu akuponda dzanja la wodandaula?" anafunsa woimira boma, mnyamata wa tayi yofiira.

"Ndinamuuza, bwana."

"Zinali zoona?"

"Linali bodza, bwana. Chibonga ndinapeka, nsapato ndinapeka. Khotcho uja ndi wanga."

"Ndinu amalume ake a woimbidwa mlandu?"

"Eya."

"Ndiye lero mwabwera kudzamupulumutsa. Pajatu munati munali pambali pake, mpaka munawakha botolo. Munthu woima pafupi choncho angalakwitse zimene waona?"

Ndinayang'ana benchi yanga. Anthu amenewa akhala akundimvera zaka zambiri. Amadziwa kuti ndinameta mkango uli mtulo, kuti ndinathamangitsa akuba ndi chipeso. Ndinayang'ana Manjakumbuyo. Iye ankayang'ana pansi, pa nsapato zake.

"Sindinali pambali pake, bwana."

"Munali kuti?"

"Pansi pa tebulo."

"Kwezani mawu," anatero woweruza.

"Pansi pa tebulo la mabeseni apulasitiki, bwana woweruza! Mbama ija itangolira ndinalowa pansi pake. Beseni lina linandigwera kumutu, ndipo sindinalichotse."

Khoti linaphulika. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aluso!" mpaka wapolisi wa pakhomo anamuloza chala. Loya wathu anaimirira itafika nthawi yake.

"Beseni lake linali lotani?"

"N'zofunika zimenezo, mayi?"

"Yankhani."

"Losambitsira makanda. La pinki."

"Muli pansi pa tebulo, beseni kumutu, munkaona chiyani?"

"Kukankha ndinakuona, chifukwa ndinatukula beseni pang'ono. Kunali kamodzi. Kenaka ndinalitsitsanso, ndiye ndinkangoona miyendo."

"Miyendo ya ndani?"

"Ya onse. Nsapato za mwanayu zinali pafupi ndi mphuno yanga, ndinkamva ndi fungo la polishi. Munthu uja atagwa, nsapatozo zinabwerera pamodzi n'kuima duu. Sizinasunthe. Pamene zinasuntha, ndinaona mawondo ake akugwada, juzi n'kutsika pansi."

"Nanga nkhani yometa mkango, munalumbirapo?"

"Ayi, mayi. Mkangowo sunapezeke kuti uchitire umboni."

Ngakhale woweruza uja anagwira pakamwa, ngati akutsokomola.

Chigamulo chinabwera tsiku lina. Woweruza anati alonda a pakhomo pa sitoloyo sapatsidwa zibonga, ndipo chibonga cha m'nkhaniyi chinabadwira kumalo ometera. Anati woimbidwa mlandu anagwiritsa ntchito mphamvu yoyenerana ndi choopsa chimene chinalipo, ndipo analekeza choopsacho chitatha. Za ine ananena mawu amene mlongo wanga amawabwereza mpaka lero pamaso pa alendo. Anati mboni iyi ndi munthu wozolowera kunama, koma mabodza ake onse amamukweza, ndipo khoti silikuona chifukwa chimene munthu wotereyu angapekere kuti anabisala pansi pa tebulo atavala beseni la makanda. Manjakumbuyo anamasulidwa. Jekete anauzidwa kuti mbama ija ndi botolo lija zikumudikira pa mlandu wakewake.

Panja mlongo wanga analira, kenaka anandipatsa mpango wake kuti ndipukute maso, ngakhale ine ndinali ndi chimfine chabe. Sabata yotsatira Manjakumbuyo anabwerera pakhomo pake. Akuba akuti anasangalala, poti mlonda wogwirizira ankawakwenya osawafunsa n'komwe za ana.

Ine ndinalumbira pamaso pa banja lonse kuti bodza ndasiya. Ndipo ndinasiyadi. Ndinakhala masiku angapo ndikumeta mwakachetechete ngati wometa pamaliro, mpaka makasitomala anayamba kudandaula kuti tsitsi likuwawa pometa. Wina anati, "Aluso, tiuzeni za kukhoti zija, enafe kunalibe." Munthu wapempha yekha, ndikanamumana?

Ndinawauza kuti woweruza anatsika pampando wake kudzandigwira chanza. Ndinawauza kuti maloya anandizungulira panja kupempha nzeru. Benchi inayamba kutentha, magazi anga n'kuyamba kuyenda bwino.

"Nanga za beseni zija?" anafunsa wina.

"Beseni liti? Inu mumakhulupirira zimenezo? Kunalibe beseni! Imeneyo inali njira yomwe tinapangana ndi loya kuti woweruza amve chisoni. Pansi pa tebulo ndinalowa dala, ngati kazitape, podziwa kuti lamulo lidzafuna munthu woona miyendo. Kumutu kwanga kunalibe kanthu koma nzeru zokhazokha."

Palibe anaseka. Onse ankayang'ana pagalasi. Nditakweza maso ndinaona khomo langa ladzaza, kuwala konse kwatsekeka. Malaya otuwa, lamba wamkulu, nsapato zonyezimira, manja kumbuyo.

"Kunyumba ali bwanji, amalume?" anafunsa Manjakumbuyo mofatsa.

"Ali bwino, mwanawe. Timangocheza."

"Ndamva. Ndiye mukuti munanama mutalumbira? Mukudziwa kuti umenewonso ndi mlandu? Kapena mukufuna wanga uja auyambirenso?"

"Ayi, ine ndimati... beseni lenilenilo palibe analiona."

Manja aja anatuluka kachiwiri m'mbiri yake. Anatuluka ndi beseni la pinki, lokhala ndi timabakha tojambula m'mbali, long'aluka pamlomo pomwe ndinaligwira mwamphamvu.

"Abwana akuti palibe akufuna kuligula, aliyense akulidziwa," anatero. "Akuti ndikupatseni mwini wake. Taliyesani, amalume, tione ngati likukukwananibe."